Wodandaula Woyamba wa ku Sitidandaula

Mu ufumu wa Sitidandaula munali lamulo lakale loti woona ndiye wachita. Linayamba nthawi ya agogo ake a Mfumu Salakwa. Mlimi wina anapita kubwalo kukanena kuti mlatho wa pa mtsinje wa Tionenji wang'aluka, ndipo m'mawa mwake mlathowo unagwadi. Nduna zinakhala pansi n'kuiunika nkhaniyo. Zinapeza kuti munthuyo asanalankhule mlatho unali chiimire, atangolankhula unagwa. Anam'manga. Kuyambira pamenepo munthu wa ku Sitidandaula akaona denga la mnzake likuyaka, ankayamba wayang'ana uku ndi uku kuti mwina pali wina amene waona kale.

Mfumu Salakwa Wachitatu ndi imene inabwera ndi makompyuta. Inaitanitsa anthu onse ku likulu la Mwatero, ng'oma zinalira, ndipo inavundukula nsalu pa kabokosi kagalasi.

"Iyi ndi pulogalamu ya Tidziwane," inatero Mfumu. "Kuyambira lero munthu sabadwa, sakwatira, samwalira osadziwitsa Tidziwane. Makolo athu ankangofa mwachisawawa, aliyense nthawi imene wafuna. Zimenezo zatha."

Anthu anaomba m'manja. Dongosolo lake linali losavuta. Munthu akamwalira, wachibale ankapita kwa kalaliki wa pa msika, kalaliki n'kulemba dzina m'kompyuta, Tidziwane n'kutulutsa nambala. Nambalayo ndiyo ankaionetsa kwa asilikali a pa chipata cha manda. Wopanda nambala sankalowa, kaya walemera bwanji paphewa.

Zinayenda bwino dzinja lonse ndi nyengo yozizira. Zinadzasokonekera mu Okutobala, mwezi umene ngakhale nyama ya pa butchala siyembekezera munthu.

Yotamu Kachingwe, wokhoma zidebe pa msika wa Pirirani, anagwa masana hamala ili m'manja, osadzukanso. Anali munthu wa mawu ochepa. Wogula akam'bera, ankati zikomo. Mvula ikam'nyowetsa, ankati yathandiza mbewu. Mkazi wake, Nambewe wogulitsa tomato, ndiye ankalankhula za anthu awiri. Analira zolira zake, anamanga duku lakuda, ndipo kutacha analawirira kwa kalaliki.

Kalalikiyo, Mizeki Chidothi, analemba dzinalo ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola mapira. Anadina pamene panalembedwa kuti Wamwalira. Kagudumu kanayamba kuzungulira pagalasi. Kanazungulira, kanazungulira, galasi linachita bii, kenaka pulogalamu inadzitseka yokha. Panangotsala chithunzi cha Mfumu ikumwetulira.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Nambewe.

"Palibe, mayi."

"Nanga nambala?"

"Ikubwera."

"Pa ngolo kapena wapansi?"

Mizeki anayesanso. Kagudumu, mdima, Mfumu. Anayesa kachitatu. Mfumu inangomwetulirabe.

"Bambo, chinthu chanuchi chawonongeka."

Mizeki analumpha n'kukatseka zenera. "Ine sindinamve kanthu. Ndili ndi chimfine, makutu onse atseka. Inunso simunaone kanthu, mayi. Kakhaleni pa benchi."

Pa benchi panja panali podzaza kale. Amayi a maduku akuda, abambo a maso ofiira, onse ali duu, thukuta lili kamukamu.

"Nanunso mukudikira nambala?" Nambewe anafunsa mayi amene anam'sendera malo.

"Ife? Ayi. Tikuothera dzuwa."

Nthawi yomweyo wailesi ya pa golosale inalengeza nkhani yosangalatsa. Nduna ya Zaumoyo inali itapeza kuti chiyambire mwezi umenewo palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anamwalira mu ufumu wonse. Mfumu inali itaiveka ndunayo mendulo, ndipo Lolemba likhala tchuthi chokondwerera kutha kwa imfa.

"Zikomo kwambiri," anatero kalipentala wa pafupi, uku akupala thabwa. "Ndiye kuti mabokosi ndagulitsawa anthu akusungiramo mbatata."

Kunyumba zinthu sizinadikire tchuthi. Adzukulu anali atakumba kale manda ndipo ankabwera kawirikawiri kudzafunsa. Amayi anayala mchenga wonyowa pansi pa bokosi, anafukiza masamba a bulugama, komabe Okutobala ndi Okutobala. Olira anasamuka m'nyumba n'kupita pakhonde. Tsiku linalo anachoka pakhonde n'kupita pansi pa mtengo wa mango. Kenaka anapezeka pansi pa mango a nyumba yoyandikana nayo. Akwaya anaimba nyimbo zonse za m'buku n'kuyambiranso. Nambewe yekha ndiye ankalowabe m'nyumbamo kukathamangitsa ntchentche, ndipo nthawi iliyonse akatuluka nkhope yake inkakhala yolimba kuposa polowa. Mwamuna amene sanavutitsepo munthu ali moyo anali atayamba kuthawidwa ndi abale ake omwe.

Pa khoma la kalaliki panali nambala ya foni ya Ofesi Yothandiza pa Zamakina. Palibe ankaiimba. Nambewe anaiimba.

"Takulandirani," anatero mawu okoma a mtsikana wojambulidwa. "Ngati mukufuna kuyamikira Tidziwane, dinani wani. Ngati mukufuna kuyamikira kwambiri, dinani thuu. Ngati muli ndi vuto, khalani pomwe mulipo, tikupezani."

Nambewe anadula foni, anaitana wakabaza, ulendo wa ku Mwatero.

Ofesiyo inali yokongola kuposa chipatala. Pansi pa matailosi, mipando yofewa yosakhalidwapo, ndi mphepo yozizira imene inam'pangitsa Nambewe kuganiza kuti bwenzi atangobwera naye Yotamu kudzam'goneka momwemo. Munali munthu mmodzi yekha, Binwelo Thengo, katswiri amene Mfumu inam'tumiza kunja kukaphunzira za makompyuta. Anali akuswa mtedza pa desiki. Chitsegulire ofesiyo anali asanalandireko dandaulo.

"Mwasochera, mayi? Kolipira msonkho ndi khomo linalo."

"Ndabwera kwa inu. Tidziwane ikumadzitseka yokha."

Binwelo anatsamwa ndi mtedza. Anayang'ana kukhomo, kenaka maso ake anawala ngati a mlenje amene wakhala chaka osaona phazi la nyama.

"Ikumadzitseka pati? Lankhulani motsitsa."

"Kalaliki akadina pa Wamwalira. Kagudumu kamazungulira, kumada, kumabwera Mfumu."

"Nanga akadina pa Wabadwa?"

"Obadwa akubadwa bwinobwino. Dzulo lomweli mapasa alembedwa."

"Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

"Bambo Chidothi azimitsa, ayatsa, aipukuta ndi mpango, aipepesa. Chatsala n'kuithirira nsembe."

"Uthenga uliwonse umaoneka?"

"Mano a Mfumu."

Binwelo anagwedeza mutu. "Ndikudziwa pamene pali vuto. Ndi kanthu kakang'ono. Madzi a tiyi asanawire ndingakhale nditamaliza."

"Ndiye tiyeni."

"Sindingakonze chinthu chimene sichinawonongeke, mayi. Ndipo chinthu chimawonongeka pokhapokha wina akadandaula. Pamafunika dzina la wodandaula. Dzinalo limapita kunyumba ya Mfumu, ndipo inu mukudziwa lamulo. Ndikangoigwira popanda dandaulo, ndiye kuti woona ndine."

"Ndiye mwakhala pano mukudziwa?"

"Ine ndakhala pano ndikuswa mtedza."

Nambewe anaganiza zopereka dzina lake. Koma akamangidwa iye, Yotamu amuika ndani? Alamu ake aja sakanatha kuika ngakhale nkhuku popanda kukangana kuti khasu ndi la yani.

"Wodandaulayo amayenera kukhala wotani?"

"Nzika ya ufumu uno, wamkulu, wamoyo."

"Wamoyo mumam'dziwa bwanji?"

"Tidziwane imatiuza."

"Tafunsani za Yotamu Kachingwe wa ku Pirirani."

Binwelo analemba. Pagalasi panatuluka nkhope ya Yotamu, maso ali tong'o ngati wodzidzimuka, ndipo pansi pake mawu obiriwira akuti Wamoyo.

"Lembani ameneyo," anatero Nambewe. "Ndi amuna anga. Ndiwo andituma. Sakupeza bwino kwenikweni."

Binwelo anayang'ana duku lakuda lija nthawi yaitali. Kenaka anasesa makoko a mtedza pa desiki, anawongola tayi, n'kulemba dandaulo loyamba m'mbiri ya ufumuwo.

"Tsopano tiyeni mukakonze," anatero Nambewe.

"Pepani, mayi, chinthu chimodzi sindinanene. Chilolezo chokonzera chimatuluka mlandu ukatha."

Boma la Sitidandaula linkachedwa pa zinthu zambiri, koma osati pomanga munthu. Nambewe pofika kunyumba anapeza asilikali atafika kale ndi unyolo. Mkulu wawo analowa m'nyumba mwaukali, anatuluka mofulumira kuposa mmene analowera, n'kukaima pansi pa mango.

"Wogwidwayo akukana kuyenda," analengeza. Sakanatha kunena china, poti Tidziwane inali itanena kuti munthuyo ndi wamoyo, ndipo kutsutsa Tidziwane ndi kudandaula. Anabwereka ngolo, anakweza bokosi, anamanga unyolo pa chigwiriro chake kuti lisathawe. Msika wonse wa Pirirani unatsatira pambuyo, motalikira ndithu, kumbali imene mphepo inkachokera.

Milandu ku Mwatero inkadikira mpaka mvula ziwiri. Koma pa mlandu uwu, mkulu wa ndende, amene nyumba yake inagundana ndi zitolokosi, anangofika pa ngolo n'kuthamanga yekha kukapempha kuti uzengedwe tsiku lomwelo.

Bwalo linadzaza. Mfumu inakhala pa mpando wake, nduna m'mbali, ya Zaumoyo mendulo ili pachifuwa. Bokosi analiimika pamalo a woimbidwa mlandu. Posakhalitsa nduna zonse zinagwidwa chimfine ndipo zinatulutsa mipango.

"Yotamu Kachingwe," anayamba woimira boma, mawu akutulukira mumpango, "ukuimbidwa mlandu woti unaona Tidziwane itawonongeka, choncho unaiwononga. Ukuvomera kapena ukukana?"

Yotamu sanayankhe.

"Bwalo lione mwano wa munthuyu."

"Bwanji wabwera m'bokosi?" inafunsa Mfumu.

"N'kudzikuza, Mfumu," inatero Nduna ya Zaumoyo msangamsanga. "Akufuna anthu aganize zimene kulibe."

Mfumu inakwinya mphuno. Inayang'ana ndunazo, palibe inanena kanthu za fungo, ndiye nayonso sinanene. "Lamulo ndi lodziwika. Akhale m'ndende moyo wake wonse."

Nambewe anayamba kuwerengera mumtima. Moyo wake wonse, malinga ndi Tidziwane, ndiye mpaka liti? Yotamu akaolera m'chitolokosi, opanda nyimbo, opanda dothi la kwawo, manda ake ali yasa kudikira mvula. Ndipo anam'tengera kumeneko ndi iye mwini.

Mkulu wa ndende anagwada mpaka chipumi kugunda pansi. "Mfumu, ndende ndi yochepa kwa munthu woopsa chotere. Akaipitsa anzake. Akuyenera chilango chachikulu chija, abale ake am'tenge lero lomwe akamuike. Ophedwa ndi Mfumu safuna nambala, mawu anu ndi okwanira."

"Ine ndine mfumu yachifundo," inatero Mfumu. "Kudandaula kokha sikuphetsa munthu. Chophetsa n'kunyoza. Kodi munthuyu wanyoza? Ine sindinamve ngakhale liwu limodzi."

Nambewe anaimirira. Anayang'ana bokosi. Mumtima anati, mundikhululukire bambo, simunanenepo munthu chikhalire, koma lero mulankhula.

"Mfumu, ine ndine mkazi wake. Pano angokhala chete chifukwa cha manyazi. Kunyumba amanyoza."

Mfumu inatembenukira kwa iye.

"Amati chiyani?"

"Amati Tidziwane ndi chidebe chobooka. Amati iwo atakhoma chidebe chotero, wogula akanawaveka nacho kumutu."

Nduna zinafuula mumipango. Mfumu inakweza dzanja. "Ananenanso chiyani?"

"Amati imfa sinathe. Amati m'mudzi uliwonse muli nyumba imene anthu akugona panja, ndipo mchenga wa kumtsinje ukutha ndi kuyalira maliro. Amati mendulo ili apoyo akanaipereka kwa ntchentche, ndizo zagwira ntchito mwezi uno."

Nduna ya Zaumoyo inaphimba mendulo ndi mpango n'kusiya mphuno pamtunda, kenaka inasintha maganizo.

Mfumu inasendera kutsogolo pa mpando. Chilowere ufumu inali isanamvepo nkhani za dziko lake, ndipo zinkaiwawa ndi kuikoma nthawi imodzi, ngati kukanda chipere. "China?"

Nambewe anali atatsala pang'ono kuuma pakamwa pamene kalipentala uja anakweza dzanja kumbuyo.

"Inenso anandiuza, Mfumu. Anati msewu wa ku Pirirani uli ndi maenje oti mbuzi ikagweramo imatuluka ili ndi ana."

"Kwa ine anati kuchipatala kwatsala mankhwala a mtundu umodzi, odwala mutu ndi othyoka mwendo akumwa omwewo," anatero mayi woothera dzuwa uja.

"Anati mphunzitsi wathu akuphunzitsa pansi pa mtengo umene unadulidwa chaka chatha!"

"Anati mbewu ya boma imafika anthu akukolola!"

Zinapezeka kuti Yotamu, amene pa msika ankatha tsiku lonse atangonena zikomo, anali atayenda ufumu wonse kunong'oneza aliyense. Ngakhale msilikali wa pakhomo anakumbukira kuti Yotamu anam'peza pa chipata n'kumuuza kuti nsapato za asilikali zilibe zidendene. Mizeki Chidothi, makutu atatseguka mwadzidzidzi, anachitira umboni kuti anamva zonsezo.

Mfumu inaimirira. "Munthu mmodzi kuwononga zinthu zonsezi! Msewu, chipatala, nsapato! Aphedwe tsopano lino, pamaso panga, ndipo dzuwa lisanalowe akhale ali pansi pa dothi. Ndisadzamvenso za iye."

Anaitana wakupha wa Mfumu, chimunthu chachikulu chonyamula chingwe. Anafika pa bokosi, anatukula chivundikiro pang'ono, anachibwezera msanga.

"Ndamaliza, Mfumu."

"Msanga chotere?"

"Sanalimbelimbe."

Mfumu inalamula kuti nayenso avekedwe mendulo. Nduna zinagwirizana kuti popeza wowononga walangidwa, vuto latha, ndipo zinatuma uthenga kwa Binwelo kuti atseke dandaulolo, palibe chofunika kukonza.

Ngolo inabwerera ku Pirirani ng'ombe zikuthamanga. Asilikali a pa manda anatsegula zitseko zonse ziwiri n'kuchitira sawatcha mawu a Mfumu. Akwaya anapeza mphamvu zatsopano. Yotamu anatsikira m'manda mwake dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, ndipo anthu amene anabwera anali ambiri kuposa a pa maliro a nduna. Aliyense poponya dothi ankanong'ona kuti zikomo. Nambewe anaponya lake pomaliza, anakhala pansi pambali pa mtumbira, ndipo analira bwinobwino kwa nthawi yoyamba, mopanda changu.

Anthu akubalalika, anaona munthu wa tayi ataima kuseri kwa mtengo, chipewa chili m'manja. Anali Binwelo.

"Pepani ndi maliro, mayi."

"Zikomo. Mwakonza?"

"Andiletsa. Akuti ili bwino." Anapotokola chipewa chija. "Mayi, ndimati ndikufunseni nzeru. Kwathu kuli apongozi anga aakazi. Nawonso sakupeza bwino kwenikweni. Chiyambire sabata yatha."

"Tidziwane ikuti bwanji?"

"Ikuti ali moyo."

"Ndiye mukudikira chiyani? Lembani dandaulo, ofesi ndi yanu."

"Chovuta ndi cha kubwalo. Ine sinditha kupeka ngati inu. Ndikaimirira pamaso pa Mfumu ndikanene kuti ankati chiyani?"

Nambewe anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Anali munthu wotani mayiwo? Ofatsa?"

"Iiih, ayi. Ankanyoza kuyambira m'mawa. Mfumu, nduna, ine, nkhuku za eni."

"Ndiye inu muli pabwino, bambo. Ine ndachita kuvutika. Inu mukangonena zoona, ndipo mulawire. Ndaona anthu a pa benchi aja akubwereka ngolo."